Twita yakale yoyika m'bokosi lodzikhomera: dome, lipenga, piezo kapena Heil?

Amene mwakhomapo bokosi la sipika mukudziwa kuti besi sivuta kwenikweni. Chimene chimasokoneza ndi twita, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu apamwamba, monga kulira kwa maseche ndi "s" wa woimba. Ikalakwika iyeyo, bokosi lonse limangoboola makutu ngakhale thabwa lake likhale la mlombwa.

Ine ndimayamba ndi dome. Edgar Villchur wa kampani ya Acoustic Research ku America ndiye anaitchukitsa pa sipika ya AR-3 mu 1958: kansalu kapena kapulasitiki kotukuka ngati theka la dzira, koyilo (kawaya kokulungidwa kamene kamakagwedeza) itamatidwa m'mphepete mwake. Ubwino wake ndi wakuti imamwaza mawu mbali zonse, moti simuchita kukhala kutsogolo kwake kuti mumve bwino. Yotchuka mwa zakalezi ndi KEF T27 ya ku England, ya mamilimita 19, imene inali mu LS3/5a, sipika yaing'ono ya BBC ya m'ma 1970. Mawu ake ndi oyera, koma siifuna nkhanza. Mukaipatsa mawu otsika kupitirira muyeso, kapena ampu ikamalira mokakamizika, koyilo imapsa mwakachetechete. Ma dome ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980 anali ndi timadzi ta ferrofluid toziziritsa koyilo. Patatha zaka makumi anayi timadzito timauma n'kukhala phala, twita n'kumalira ngati ili m'thumba. Zimenezi wogulitsa sangakuuzeni.

Lipenga, twita yotulutsira mawu kudzera m'kamwa yonga ya lipenga, ndi nyama ina. JBL 075, imene anthu amaitcha bullet chifukwa cha mphuno yake yonga chipolopolo, inatuluka m'ma 1950, ndipo kufuula kwake kumafika pafupifupi 110 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pa watt imodzi. Ma dome ambiri akale amathera cha pa 90 dB. Kusiyana kwa 20 dB kukutanthauza kuti dome ikufunika mphamvu yochuluka kuwirikiza ka 100 kuti ifuule mofanana ndi lipengalo. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Ndinagulapo malipenga awiri kwa munthu wina wogulitsa zakale, n'kuwalumikiza ndi wufa wamba (sipika yotulutsa besi) wa mainchesi 8. Zimene zinkamveka ndi maseche okhaokha, gitala ya besi ili kutali ngati ikuimbidwa kwa aneba. Lipenga limafuna wufa wamkulu wofuula, wa mainchesi 12 kapena 15, apo ayi muliyikire L-pad yolichepetsa mphamvu. Komanso 075 imaponya mawu kutsogolo ngati tochi. M'bale wake 077, wa kamwa yopyapyala, amamwaza bwino m'mbali koma amayambira pamwamba, cha pa 7 kHz. Electro-Voice T35, imene Klipsch ankaiyika m'masipika ake, imakhala yofatsako m'makutu.

Mukamafufuza malipenga amenewa mumva anthu akukangana za maginito a alnico. Mbiri yake inadutsa pafupi ndi kwathu kuno: alnico amafuna cobalt, ndipo nkhondo ya ku Kolwezi m'dziko la Zaire (lero DR Congo) mu 1978 itakweza mtengo wa cobalt, makampani ambiri anasamukira ku maginito a ferrite. Kuti alnico amamveka bwino kuposa ferrite, ine makutu anga sanatsimikizepo. Chimene ndatsimikiza ndi mtengo wake.

Piezo ya Motorola, monga KSN1005, ndi ija mumaiona pa mabokosi a disko ndi a pa zikwati. Ilibe koyilo kapena maginito, imangodalira kambale kamene kamapindika kakalandira magetsi. N'yotsika mtengo, siifa msanga, ndipo imalira ngakhale popanda crossover, kachipangizo kogawira twita mawu apamwamba ndi wufa mawu otsika. Koma mawu ake ndi okanda, ndipo ampu zina zimasokonezeka nayo pokhapokha muyike resistor ya ma ohm 20 kapena 30 panjira. Pabwalo ikhoza, m'chipinda chochezera ayi.

Heil ndiyo imandikopa mtima. Oskar Heil anapinda kapulasitiki kopyapyala mizeremizere ngati akodiyoni, ndipo m'malo mokankha mpweya, mizereyo imaufinya n'kuulavula. Kampani ya ESS inaiyika pa AMT-1 kumayambiriro kwa m'ma 1970. Imamveka mopepuka, ndipo imatsika pansi kuposa dome wamba, motero imagwirizana ndi wufa wamkulu popanda sipika yapakati. Vuto ndi kulemera kwa maginito ake komanso kuti imaliranso chakumbuyo, choncho malo ake ndi pamwamba pa bokosi, osati mkati.

Ndiye mugule iti? Musayambe ndi dzina, yambani ndi wufa amene muli naye kale. Ngati ndi wa mainchesi 5 mpaka 8 wa m'chipinda, dome basi. Ngati ndi chiwufa cha 15 chochokera ku tchalitchi, pitani ku lipenga, ndipo lili ndi mwayi wina: kambale kake ka mkati kokhala ndi koyilo kakapsa mumamasula n'kuyika kena, pamene ma dome ambiri akale akapsa ndiye kwatha. Musanalipire, yesani matwita onse awiri ndi mita yoyezera ma ohm. Twita ya ma ohm 8 imaonetsa cha pa 6, ndipo imodzi ikasiyana kwambiri ndi inzake, zisiyeni. Poyesa koyamba kunyumba ikani kapasita ya 3.3 µF panjira, imene pa ma ohm 8 imayamba kutchinga mawu otsika kuchokera cha pa 6 kHz, ndipo voliyumu muyambire pansi.