Hita ya gasi kapena ya magetsi? Zomwe ndaona kuno ku Ulongwe

Amene munkafunsa kuti pakati pa hita ya gasi ndi ya magetsi yabwino ndi iti, nyengo yozizira yadutsa ndiye pano ndikhoza kuyankhula. Mu Meyi ndinagula ya gasi, ija ya mateyala yolowa botija (silinda ya gasi) kumbuyo, kenako alamu anga anatibweretsera ya magetsi kuchokera ku Joni, yooneka ngati nkhuni zikuyaka mkati mwa galasi. A ku Tete mtawuni ndi ku Moatize musaseke, inu mumagona ndi fani, koma kuno ku Angónia ndi ku Tsangano Juni ndi Julaye kumazizira mpaka m'mafupa, mwera ukayamba ana safuna ndi kusamba komwe.

Ya magetsi ndiyokongola, sindikana. Alendo akalowa amayamba ayang'ana kaye, agogo mpaka anafunsa kuti utsi ukutulukira kuti. Koma moto uja ndi wabodza, ndi timagetsi ta LED basi, kutentha kumachokera pa waya wotentha amene ali mkati, kafani nkumakuuzira kunja. Ili ndi mabatani awiri, 1000W ndi 2000W. Mukayika pa 2000 ndiye kuti ola lililonse mayunitsi awiri apita, muyatse madzulo onse mpaka kokagona muone mita mmene ikuthamangira, energia (mayunitsi a magetsi) yomwe tinkatha nayo mwezi inkatha pakati pa mwezi. Ndiye pabalaza pathu ndi pa malata popanda siling'i, kutentha konse kumangothawira kudenga, amafundidwa ndi yekhayo wakhala pafupi. China, musayilumikize pa ekisitenshoni zotchipa zapamsika zija. 2000W pa 220V ndi ma amp pafupifupi 9, pulagi imatentha moti simungayigwire, ya aneba inasungunuka ndithu. Ilowe pa soketi ya pakhoma yokha. Ndipo magetsi akathima usiku wozizira, basi yasanduka chokongoletsera.

Ya gasi ndi nkhani ina. Ili ndi timbale titatu kutsogolo, mukayatsa tonse imafika 4.2 kW (4200W), kuposa kuwirikiza kawiri ya magetsi ija, ndipo posakhalitsa anthu ayamba kuvula majuzi. Pamenepo imadya magalamu pafupifupi 300 pa ola ndiye botija ya 11kg simungachedwe nayo. Ife timayatsa tonse titatu poyamba, m'nyumba mukafunda timasiya kamodzi, kamene kamadya cha m'ma 100, apo botija imakhalitsa ndithu.

Koma ili ndi zake zomwe ogulitsa sanena. Gasi akamayaka amatulutsa chinyezi. Mmawa mawindo amakhala ngati wina wawathira madzi, ndipo pofika Julaye kuseri kwa kabati kunali kutamera nkhungu yakuda, amayi akunyumba sanakondwe nazo olo pang'ono. Komanso imapuma mpweya womwewo tikupuma ife. Zenera lizikhala lotsekula pang'ono, ngakhale zikuoneka ngati zopusa kuyatsa hita uku mphepo ikulowa. Yathu ili ndi kachipangizo kozimitsa yokha mpweya wabwino ukachepa, inazimapo tsiku lina tili ambiri titatseka paliponse, koma sindingayike moyo wa ana pa kachipangizo ayi. Kuchipinda chogona siilowa, nkhani yake ndi imodzimodzi ndi mbaula, tonse tinamvapo za anthu ogona ndi makala osadzukanso. Kalawi kakang'ono kapansi kazikhala kabuluu ngati ka pa chitofu cha gasi, kakayamba chikasu ndi mwaye zimitsani mukaonetse. Paipi ndi regulator (kachipangizo kolumikiza paipi ku botija) ndimazipaka thovu la sopo nthawi zonse ndikasintha botija, pakatuluka timabaluni ndiye kuti pakudontha.

Vuto lina ndi kupeza gasi weniweniyo, nthawi zina ogulitsa amakhala alibe ndiye kukhala ndi botija imodzi yophikira ndi kuwothera ndi kudziputira mkangano kukhitchini. Gulani ziwiri.

Mutandiuza kuti ndisankhe imodzi, ndikutenga ya gasi osaganiza kawiri, makamaka ngati nyumba yanu ilibe siling'i ngati yathu. Ya magetsi tinayisamutsira kuchipinda kwa ana komwe ndi kochepa, timayatsa pa 1000 asanagone kenako nkuzimitsa, pamenepo ndiye imagwira ntchito yake bwinobwino. Chaka chamawa ndalama ikapezeka ndiyamba ndi siling'i.