Z4 yandikomera, koma obwereketsa anafuna kundidyera dipoziti pa rimu yomwe sindinakale

Amene anandibwereketsa galimoto ya BMW Z4 ndikuwapatsa nyenyezi zitatu. Ziwiri ndi za galimoto, imodzi ndi ya mayi amene anatsika kuchokera mu ofesi yapamwamba kudzathetsa mlandu. Mnyamata wa pakauntala ndilibe naye mawu abwino, ndipo ndi iyeyo wandilembetsa izi.

BMW Z4 M40i ndakhala ndikuisirira chitulukire yamakonoyi mu 2019. Mtengo wa yatsopano kuno ku South Africa mukuudziwa, unadutsa miliyoni ya marandi kalekale. Ndalama zotere sungazitulutse chifukwa choti wogulitsa wakuzunguliritsa mphindi zochepa iye ali pambali akukulankhulitsa. Choncho ndinaganiza zoibwereka kumapeto kwa sabata ku kampani ina yobwereketsa galimoto zapamwamba kuno ku Cape Town, kuti ndiyende nayo ndekha ndi mayi a kunyumba, ndione ngati ndi chinthu chogula kapena chongosirira.

Zinayamba kuipa ndisanakhudze n'komwe makiyi. Ndinali nditalipiratu pa intaneti, dzina langa lili pa kompyuta yawo, koma funso loyamba la mnyamatayo linali lakuti, "Mwadzatengera ndani?" Ndinamuuza kuti woyendetsa ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anaitanitsa laisensi, pasipoti, pemiti, kalata yosonyeza komwe ndimakhala, kenako pasipoti ija anaitsegulanso kachiwiri n'kumaiwerenga tsamba ndi tsamba. Kasitomala wina amene anabwera pambuyo panga anasaina, n'kulandira makiyi, n'kutuluka, ine ndidakali chiimire. Kufunsa mapepala si mlandu, galimoto ndi yodula. Chimene chinandiwawa ndi nkhope imene amandifunsira nayo. Dipoziti yawo ija, imene amaitsekera pakhadi la kubanki, inadutsa popanda vuto, ndipo ndinaona kuti zamudabwitsa.

Galimoto anaiimika m'chipinda chapansi, mbali ya kumanzere itayandikana ndi khoma, magetsi ake osawala bwino. Ndinajambula zithunzi kuzungulira monga ndimachitira nthawi zonse, koma kukhomako kunali mdima ndipo munthu sakanatha kuwerama. Ndinamupempha kuti aisunthe pang'ono tione mbali imeneyo. Anati ali ndi anthu ena akudikira, galimoto yayenderedwa kale m'mawa, ilibe kanthu, ndisaine. Ndinasaina, koma ndinamuuza mawu omveka kuti mbali ya kumanzere sitinaione.

Za galimotoyo ndiye ndilibe dandaulo. Injini yake ndi ya malita atatu, masilinda 6 oyalana mzere umodzi, yokhala ndi turbo, ndipo mphamvu zonse zimapita kumatayala akumbuyo. Ukaponda pang'ono polowa mumsewu waukulu wa N2 imakukankhira pampando, liwiro la makilomita 100 pa ola limakwana masekondi asanu asanathe, ndipo magiya ake 8 amasintha osamveka kugunda. Denga likakhala lotsegula, kulira kwa injini kumakufikira kuchokera kumbuyo, kolemera, kopanda phokoso lachibwana. Ku Chapman's Peak, pamtunda wa makilomita 9 aja pakati pa Hout Bay ndi Noordhoek, pomwe pali makona 114, ndi pamene ndinamvetsa chimene anthu amalipirira. Sindinathamange, msewu umenewo suloleza ndipo apanjinga ndi ambiri. Koma chiwongolero ukangochikhudza galimoto imamvera pomwepo, thanthwe lili pamwamba pa mutu wako, nyanja ili pansi, fungo la m'nyanja likukulowa m'mphuno popanda galasi lotchinga.

Chimene chinandigula mtima kwenikweni ndi denga. Tinali pa Clarence Drive, msewu wa R44 uja wochokera ku Gordon's Bay, tikuyandikira ku Rooi-Els. Amene mumayendako mukudziwa anyani a kumeneko, saopa munthu ndipo amadziwa kuti chakudya chimakhala m'galimoto. Galimoto zakutsogolo zinachepetsa liwiro, ndipo tinangoona gulu lonse lili mumsewu, chamuna chachikulu chitakhala pakakhoma ka m'mbali n'kumatiyang'ana. Mayi a kunyumba anali ndi pepala la mabanzi ndi zipatso pamiyendo. Anangoti, "Bambo, tsekani!" Ndinakoka batani la denga galimoto ikuyendabe pang'onopang'ono. Chinsalu chinadzuka kumbuyo, n'kutiphimba, n'kudzikhoma chokha kutsogolo, magalasi n'kukwera. Masekondi 10 otsekera denga amene a BMW amanena ndi enieni, ndipo zimatheka uli paulendo bola usadutse 50. Nyani uja anatsika pakhoma n'kuyenda m'mbali mwa chitseko chawo, ife tili kale mkati. Denga likatsekedwa mumacheza bwinobwino osakweza mawu, zimene sindinkayembekezera pa denga lansalu.

Buti yake ndi malita 281, ndipo siichepa ukatsegula denga chifukwa chinsalucho chili ndi malo akeake. Zikwama ziwiri zofewa zinalowa. Z4 yakale ija ya denga lachitsulo lopindika, denga likalowa m'buti malo ambiri amapita. Mphepo ya chilimwe ya kuno, imene imaomba ngati mwera wa kunyanja kwathu, inatiyesa pobwerera; kachotchinga ka pakati pa mipando kamathandiza, komabe chipewa chimafunika cholimba pamutu, ndipo dzuwa la masana limakuwotcha usakuzindikira chifukwa cha kamphepo.

Ndinaibweza nthawi isanakwane, thanki ya malita 52 ija nditadzaza. Tsopano galimoto inaima panja, padzuwa. Mnyamata yemwe uja anatuluka ndi pepala lake. Sanayambire kutsogolo monga amachitira onse. Analunjika ku tayala lakumbuyo la kumanzere, n'kugwada, n'kuloza. M'mphepete mwa rimu munali mokalika, kutalika ngati chala, mmene imakalikira rimu ikakhudza simenti ya m'mbali mwa msewu. Anati, "Apa mwagunda." Ndinawerama n'kupakhudza. Chitsulo chongokalika kumene chimawala ndipo chimakanda chala. Apa panali patada, fumbi la mabuleki litalowerera m'mizere, m'mphepete mwake mutasalala. Ndinamuonetsa zimenezo. Anati iye si makaniki, chimene akudziwa n'chakuti papepala lomwe ndinasaina palibe chizindikiro pa tayala limenelo. Ndinamukumbutsa kuti ndi mbali ija anakana kuisuntha. Anati sakukumbuka.

Kenako anatchula ndalama. Sanafune mtengo wokonzetsa rimu, umene aliyense wa ku Cape Town amadziwa kuti okonza marimu amasalaza ndi kupentanso popanda kugula ina. Iye amafuna mtengo wa rimu yatsopano, kuphatikiza masiku amene galimoto ikhale osagwira ntchito, kuphatikizanso ya ofesi. Zonsezo azichotse pa dipoziti, ine ndisaine kuti ndavomera. Inshuwaransi imene ndinalipira, akuti, sikhudza matayala, marimu ndi magalasi. Zimenezo n'zoona, zinalembedwa m'timalemba tating'onoting'ono, ndipo ambiri obwereketsa amatero. Koma kusakhudza marimu sikutanthauza kuti ndilipire chimene anawononga wina. Mtima unandiwira. Ndinatulutsa foni, ndinamuonetsa zithunzi, chithunzi cha mbali imeneyo chinali chakuda bii, ndipo iye anamwetulira. Kumwetulira kumeneko sindidzakuiwala. Anali atadziwa kale kuti chithunzicho sichindithandiza.

Ndinakana kusaina. Ndinati ndikufuna bwana wake. Anati sali pafupi. Ndinati ndidikira, ndipo ndinakhala pampando wa alendo makiyi ndili nawo m'manja. Ndili pomwepo, m'modzi mwa ogwira ntchito panja anadutsa pafupi, atamva ndikulankhula pafoni ndi mayi a kunyumba m'Chichewa. Sanaime, sanandiyang'ane. Anangoti motsitsa mawu, "Achimwene, musasaine. Funsani pepala la amene anaibwereka inu musanaitenge." Zambiri za iye sindinena, ali pantchito ndipo ali ndi ana oti adyetse. Ngati angawerenge izi, adziwe kuti ndinathokoza.

Bwanayo atatsika, anali mayi wachikulire ndithu, wodekha. Anandipatsa moni ndi dzina langa, chinthu chimene mnyamata uja sanachitepo. Anamvetsera mbali zonse ziwiri osadula munthu mawu. Ndinapempha chinthu chimodzi: atulutse mapepala obwezera galimoto imeneyi a makasitomala am'mbuyo. Mnyamata anayamba kunena za chinsinsi cha makasitomala. Mayiwo anati mayina aphimba, chofunika ndi chithunzi cha galimoto chojambulidwa papepalapo. Analowa mkati, sanachedwe. Anabwera ndi pepala, chala chili pa tayala lakumbuyo la kumanzere, pomwe panali kamtanda ka bolopeni ndi siginecha ya wolandira galimoto tsiku limenelo. Sanandiuze kuti siginechayo ndi ya ndani, ndipo sindinafunse, koma mnyamata uja anayang'ana pansi. Funso limene ndinatsala nalo ndi lakuti, kodi kasitomala uja naye analipitsidwa rimu yatsopano? Nanga akubwera pambuyo panga?

Mayiwo anapepesa mosazungulira. Anati kulakwa ndi kwawo, analemba pamaso panga kuti ndabweza galimoto ilibe vuto, anandipatsa kope, ndipo anati dipoziti aimasula tsiku lomwelo. Inabwereradi pakhadi sabata isanathe, yonse. Anandiimbiranso foni iwo eni kufunsa ngati yafika. Pamenepo mkwiyo unatsika. Galimoto anandipatsa yoyera, matayala abwino, mabuleki abwino, ndipo zikuoneka kuti amazisamala. Kampaniyo si ya akuba. Ili ndi munthu m'modzi pakhomo amene akuiwonongera dzina, ndipo ili ndi chizolowezi choipa choperekera galimoto mumdima n'kuilandirira padzuwa. Mukapitako, kanani kusaina kufikira galimoto itatuluka panja, jambulani vidiyo ya rimu iliyonse, bampala yakutsogolo kunsi kwake, ndi chinsalu cha denga.

Tsono zogula. Mtima ukufuna, sindibisa. Koma kumapeto kwa sabata kuja kunandionetsa zinthu zimene kabuku ka ogulitsa sikanena. Mipando ndi iwiri basi. Mayi a kunyumba, amene anasangalala nayo kuposa ine pa Clarence Drive, ndi omwenso anafunsa tili pageti kuti, "Nanga ana Lamlungu popita kutchalitchi akhala pati?" Ndiye kuti iyi ingakhale galimoto yachiwiri, ndipo bakkie (pikapu) yanga yantchito siingachoke. Ndi yotsika, monga zilili galimoto zonse zamtundu uwu. Pa hampu iliyonse ndi polowera pageti potsetsereka umadutsa chammbali mtima uli m'mwamba. Tayala lapadera mulibe, ndipo akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, choncho sungawasinthanitse kuti athe mofanana. M'tauni, pamaloboti ena amene tonse timawadziwa, sungaime denga lili lotsegula foni ili poonekera, ndipo usiku imafuna galaja yokhoma chifukwa nsalu ndi nsalu, mpeni umadutsa. Kuyambira June mpaka August kuno ndi mvula, denga lidzakhala lotseka masiku ambiri. Liwiro lake amalitsekera pa 250, pomwe lamulo mumsewu waukulu ndi 120.

Amene mukuganiza zopita nayo kumudzi pa Disembala, iwalani. Njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndimaidziwa, ndipo sindingaikemo galimoto yotsika chonchi, yopanda tayala lapadera. Kukailembetsa ku Malawi nakonso msonkho wa injini yaikulu chotere ungakugwetse.

Chokoma pa yatsopano ndi Motorplan ija ya zaka zisanu kapena makilomita 100 000, yomwe imakuchotsera nkhawa ya sevisi. Chowawa ndi kutsika kwa mtengo ukangoitulutsa pageti, komanso mapulani a ngongole okhala ndi balloon payment, amene amachepetsa ya pamwezi koma kumapeto n'kukusiyira chimulu cholipira kamodzi. Wogulitsa amene ndikukambirana naye akukankhira kumeneko, ndipo ndamukanira. Ndamuuza kuti andipezere ya zaka ziwiri, ya mwini m'modzi, Motorplan idakalipo, ndiyerekeze ndi yatsopano. A inshuwaransi anena kale kuti popanda tracker (kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa) ndi galaja sandilandira. Ndikudikira mtengo wawo wa pamwezi, ndipo ukabwera tikhala pansi ndi mayi a kunyumba tiwerengere limodzi ndi fizi ya ana ya chaka chamawa.