Ma part time a Chemistry kuseri kwa msika wa Kasungu, ndakaona ndekha

Makolo anzanga amene muli ndi ana a Form 1 kapena akukonzekera JCE koma Chemistry ikuwazunguza mutu, kuno ku Kasungu boma kuli abambo ena opuma pa uphunzitsi akumaphunzitsa Loweruka mmawa pakhonde pawo kuseri kwa msika, mwana wanga wamkazi akupita komweko ndipo ndalama yanga sikupita pachabe ayi.

Chandigwira mtima nchoti sathamangira manotsi. Tsiku lomwe ndinakhala nawo anali pa mixtures ndi solutions, anawapatsa ana mchere wosakaniza ndi mchenga nkuti lekanitsani. Anawo kuthira madzi, kutakasa mpaka mchere kusungunuka, kusefa ndi kansalu mchenga nkutsala pamwamba, madzi aja pa mbaula mpaka kuphwa, pansi pa poto mchere uli mbuu! Kenako anafunsa ndani anaonapo agogo akukonza chidulo cha therere, manja onse mmwamba, iwo nkuti imeneyotu ndi filtration, madzi odonthawo ndi filtrate, phulusa lotsala ndi residue. Mwana wanga mpaka lero sasokoneza.

Pa saturated solution, madzi oti akhuta sangasungunulenso mchere wina, mpomwe nane ndinaphunzirapo. Mu madzi 100ml osatentha mumangosungunuka mchere pafupifupi magalamu 36 basi, wina ungokhala pansi olo utakase mpaka mkono kuwawa, pomwe shuga amafika cha mma 200 ndipo madzi akatentha amalowa wambiri kuposa apo. Sobo anagwiritsa pa concentrated ndi dilute. Ufa mmadzi ndi suspension chifukwa ukausiya umadikha pansi. Distillation anangojambula pa bolodi zotchezera kachasu, kuti ethanol amawira pa 78°C ndiye amayamba iye kutuluka ngati nthunzi nkukazizira mu paipi.

Koma zodandaula zilipo. Ana achuluka heve, akumbuyo amachita kuimirira kuti aone, ndiye ana ambiri chonchija pafupi ndi mbaula komanso madzi owira mtima wanga sunakhale mmalo, ndinawauza aphunzitsiwo kuti aziwagawa mmagulu awiri. Chinanso amafotokoza kwambiri mChichewa, zabwino kuti mwana amve, koma mayeso a MANEB amabwera mChizungu ndiye kunyumba muziwapatsako ma past paper aziyeserera kulemba okha.

Mtengo siwoboola mthumba, mumalipira pamwezi. Mwana atenge kope, kabotolo koonekera mkati ndi supuni, ndipo alawirire kuti akapeze benchi yakutsogolo.