Arthur, Aragorn kapena Conan: buku la mfumu iti lomwe mugule

Anzanga atatu andifunsa funso lomweli mwezi uno, akuti iwe umawerenga mabuku a malupanga ndi afitiwa, tiyambe ndi mfumu iti? Ndiye ndiyankhe kamodzi basi.

Ndiyambe ndi pomwe ndinapsa. Ndinagula Le Morte d'Arthur ya Thomas Malory kwa mavenda a mabuku akale, wogulitsayo anandiuza kuti nkhani yonse ili momwemo, ndafika kunyumba ndikupeza kuti ndi voliyumu 1 yokha, imfa ya Arthur yomwe ili pa dzina la bukulo mulibe, ndinachita kusaka voliyumu 2 miyezi ingapo ndikulipiranso. Ndiye muziona kaye pachikuto. Komanso Chingerezi chake ndi chakale zedi, paja William Caxton anasindikiza bukuli mu 1485, masamba oyambirira umachita kubwereza chiganizo kawiri.

Koma ndalamazo sizinandiwawe ngati zomwe ndinapeza mkatimo. Tonse timadziwa za lupanga lozulidwa pamwala ndi tebulo lozungulira, izo ndisiye. Chomwe sanandiuze aliyense ndi ichi: koyambirira kwenikweni Arthur amagona ndi mkazi wa King Lot osadziwa kuti ndi mlongo wake, pabadwa Mordred, ndiye Merlin, mfiti yomwe imalangiza mfumuyo, amamuuza kuti yemwe adzakuwononge wabadwa pa 1 May. Mfumu yathu yabwinoyo imalamula kuti ana onse a mabanja olemekezeka obadwa tsiku limenelo abwere nawo, wokana aphedwe, kenako amawakweza m'chombo ndikuchisiya panyanja. Ena a masabata anayi, ena osafika n'komwe. Chombo chimasweka, ana amafa, Mordred yemweyo ndi amene amapulumuka, munthu wina wabwino amamutola ndikumulera mpaka zaka 14.

Ndinawerenga ndime imeneyi usiku, mwana wanga wa miyezi iwiri atagona pambali panga timanja atakweza m'mwamba, ndinatseka bukulo osalitsegulanso sabata yonse. Chinandipweteka kwambiri n'choti nkhaniyo imangodutsa mwachangu, makolo ambiri mlandu amaupereka kwa Merlin osati kwa mfumu, basi tsamba lotsatira tili kale pa nkhani ina ya lupanga. Palibe pomwe ndinaona Arthur atakhala pansi kulira anawo. Ndiye akamadzalira kumapeto kuti gulu lake la asilikali apakavalo latha, ine mtima unali utauma kale. Pamwamba pa izo pakati pa bukuli mfumuyo imasowa, imangokhala ku likulu lake la Camelot kudikira malipoti pomwe asilikali ake Lancelot ndi Tristram akutenga masamba mazanamazana. Ngati mukufunabe Arthur gulani The Once and Future King ya T. H. White ya 1958, ndi yosavuta kuwerenga ndipo za anazo zimamutsatira.

Conan wa Robert E. Howard sanamizira ubwino. Mpando wa ufumu wa dziko la Aquilonia anautenga pomupotokola khosi King Numedides, ndipo nkhani yake yoyamba, The Phoenix on the Sword ya 1932, imamupeza ali mfumu kale, atatopa ndi zolembalemba za boma, anthu omwe anawapulumutsa ayamba kuyimba nyimbo zotamanda wankhanza anaphedwa uja. Mwa atatuwa ndi yekhayo amene umamuona akulimbana ndi ntchito ya ufumu tsiku ndi tsiku. Nkhani zake ndi zazifupi, imodzi umamaliza madzulo amodzi. Vuto ndi momwe Howard amalembera za anthu akuda ndi akazi m'nkhani zina, zimanyansa, mudziwiretu.

Aragorn ndiye wanga, sindibisa. Naye ali ndi msampha wake pogula, The Return of the King ya 1955 ndi gawo lachitatu la The Lord of the Rings ya Tolkien, mukagula lokhalo chifukwa cha dzina simumva kanthu, pamafunika onse atatu kapena lija lalikulu lophatikiza, ndipo muone kuti zowonjezera zakumapeto zilimo chifukwa nkhani ya iye ndi mkazi wake Arwen ili kumeneko. Chipewa chaufumu amavala nkhani ikutha, zaka 122 zomwe analamulira sitiziona kwenikweni, apa Conan amamuposa.

Koma taonani momwe amalowera mu Minas Tirith, likulu la ufumu wake. Nkhondo wapambana, mzinda ndi wa makolo ake, munthu wa zaka zoposa 80 amene wadikira moyo wake wonse, koma amakana kulowa ngati mfumu, amamanga tenti kunja kwa geti kuti pasabuke mkangano nkhondo yaikulu isanathe. Usiku amalowa mwakachetechete atafunda chovala chotuwa, kulunjika kunyumba za odwala, amapempha masamba a chomera chotchedwa athelas omwe asing'anga ophunzira amawayesa opanda ntchito, kamnyamata kamabweretsa masamba 6 okha othyoledwa masabata awiri apitawo, iye amawafikisa m'manja ndikuwaponya m'madzi otentha. Mwa odwala amene anali pafupi kufa, Faramir amadzuka, kenako Éowyn, kenako Merry. Ndipo sathera pa akuluakuluwo, anthu amadzaza pakhomo kupempha kuti akaone abale awo ovulala, amagwira ntchito mpaka usiku kwambiri mpaka mphamvu zitamuthera, ndikubwerera ku tenti yake kukagona pang'ono kusanache. Amene amayamba kukumbukira mawu akale oti mfumu yoona idzadziwika ndi manja ochiritsa ndi Ioreth, mayi wachikulire wolongolola wosamalira odwala.

Ndiye ngati ndalama ndi ya buku limodzi, gulani Tolkien wathunthu. Conan mubwereke kwa mnzanu. Malory wanga mavoliyumu onse awiri ali pashelefu, wofuna adzatenge, koma ine sindimuwerenganso.