Valavu ya Pollak ya mabowo 6 pa pikapu ya mathanki awiri

Abale amene muli ndi mapikapu akale a dizilo a mathanki awiri kuno ku Harare, valavu iyi ya Pollak, yosinthira thanki imene injini ikukokamo mafuta, ndaikonda ndipo ndikuti igulidwe. Ndinaipeza mu shopu ina ya sipeya ku Kaguvi Street, yodulirako ndithu poyerekeza ndi zija zopanda dzina zodzadza m'mashelefu, koma pa Land Cruiser yanga ya injini ya 1HZ ikugwira bhobho.

Nkhani yagona pa mabowo. Injini ya dizilo simaliza mafuta onse amene yakoka, ena amabwerera ku thanki kudzera pa paipi ya ritani. Ndiye ukaika valavu ya mabowo 3 imangosintha kokoka basi, obwerera onse amakathira thanki imodzi, ukuyendera yakumbuyo yakutsogolo ikudzadza mpaka dizilo kumatayikira pa chivindikiro, mumsewu fungo lokhalokha ndalama zikupita. Ya mabowo 6 imasintha zonse pakamodzi, kokoka ndi kobweza, komanso imasintha waya wa geji kuti singano iziwerenga thanki imene ukugwiritsadi ntchito.

China chomwe chandisangalatsa ndi kamota kamkati. Ukadina swichi, injini ili chete, umamva kakulira pang'ono pansi pa chasisi kenako phee, yakhazikika pomwepo. Sili ngati za solenoid, zija zogwira ndi maginito a magetsi, zomwe zimafuna magetsi nthawi yonse ndipo waya akangoduka zimabwerera ku thanki yoyamba iwe osadziwa. Koma swichi yake iyenera kukhala yotembenuza pozitivu ndi negativu, swichi wamba ya on ndi off siigwira, izi muwauze amakaniko asanayambe kudula mawaya. Anandiikira anyamata a ku Gazaland ku Highfield, ntchito yaukhondo, mawaya anawakulunga bwino kutali ndi ekizozi.

Chodandaulitsa chilipo. Thupi lake ndi lapulasitiki, timilomo tolowetsa mapaipi sitifuna nkhanza, paipi yakale youma ukaikakamiza ukhoza kuthyola. Gulani mapaipi atsopano ndi makilampu abwino, chifukwa mpweya ukangolowa penapake m'mawa galimoto imavuta kulira, uzingopopa kapampu kapamwamba pa fyuluta mpaka dzanja kuwawa. Valavuyi imadananso ndi zinyalala, thanki yakale imakhala ndi dzimbiri pansi, ndiye ikani kafyuluta pa paipi iliyonse mafuta asanafike pa valavu. Ndipo osaisiya miyezi osaidina, imauma, muzisintha thanki kawirikawiri ngakhale mukungozungulira mtauni muno.

Kwa ife opita kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, thanki yachiwiri si yodzionetsera ayi, mukudziwa mmene mafuta amasowera ku Malawi nthawi zina, mizere pa filling station mpaka kugona pomwepo. Ulendo wapitawu ndinadina swichi titadutsa mlatho wa Zambezi, katundu ali thoo kumbuyo, injini sinatsokomole nkomwe ndipo singano ya geji inakwera yokha.