Kanola ndi Njere za Mpiru: Mapulotini Ake Amafika Bwanji Pambale?

Mbewu ziwirizi n'zapachibale, koma njira zake zinasiyana kalekale. Kanola anachokera ku Canada. Akatswiri a mbewu Baldur Stefansson ndi Keith Downey ndiwo anachotsa ukali m'mbewu yamafuta ya repu n'kupanga kanola, ndipo mtundu wa kanola wotchedwa Tower unatuluka mu 1974. Akafinya mafuta, zotsalira zake zimakhala ndi mapulotini opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Canada, Germany ndi France zotsalirazi zimadyetsedwa ng'ombe za mkaka, nkhumba ndi nkhuku, choncho munthu amapeza mapulotiniwo kudzera mu mkaka, mazira ndi nyama. Bungwe la European Union linavomereza mu 2014 kuti mapulotini oyengedwa a repu aziikidwa m'zakudya za anthu.

Mpiru wafala ku India, makamaka ku Rajasthan. Njere zake zili ndi mapulotini ndithu, koma amangowaza zochepa m'mafuta otentha mpaka zitathetheka, kuti ndiwo zinunkhire. Akafinya mafuta m'njerezi, zotsalira zake n'zowawa, ndipo ziweto sizingadye zambiri. Kwa ine kanola ndiye wapambana pa kumanga thupi, ngakhale zimandiwawa kuti chakudya chabwino chotere chimayamba chadutsa m'khola.