Sikelo, mafunso a dzulo kapena magulu a zakudya: tiyeze ndi chiyani kadyedwe ka amayi m'makomboni a Lusaka?

Sikelo ndiyo imapereka magalamu enieni, koma kaiyeseni ku Kanyama muone. Anthu angapo akutema nsima m'mbale imodzi, ndiwonso akupisa pamodzi. Gawo la mayi mulipatula bwanji? Komanso tsiku lomwe wa sikelo wafika, ndiwo zimakhala zamlendo, osati za masiku onse.

Kufunsa kuti "Amayi, dzulo munadya chiyani kuyambira m'mawa?" n'kotchipirapo. Vuto ndi kuiwala: nsima aitchula, koma chitumbuwa cha pa siteshoni ndi chimanga chootcha cha ku msika wa Soweto sazitenga ngati chakudya. Ndipo dzulo la pamapeto pa mwezi silifanana ndi la pakati pa mwezi, pamene banja likugula pamela wa ufa. Muyenera kubwererako tsiku lina.

MDD-W, njira yoyezera ngati amayi akudya zakudya zamitundumitundu, ya bungwe la FAO ndi pulojekiti ya za kadyedwe ya FANTA ya mu 2016, imangowerenga magulu a zakudya: mayi wa zaka 15 mpaka 49 akadya magulu 5 mwa 10, wakwanitsa. Nsima, chibwabwa chotendera (masamba ndi nsinjiro) ndi kapenta, amenewo ndi magulu 4 kale, bola chilichonse chifike magalamu 15. Apa ndi pamene ofunsa amakangana, poti tomato mmodzi wagawidwa mumphika wa banja lonse. Ndimaikonda chifukwa ndi yachangu, koma imangoona zosowa. Mayi womwa zozizira zashuga tsiku lililonse akhoza kukhoza bwinobwino, chonsecho matenda a shuga ndi BP zili m'makomboni momwemu.

FCS, njira ya bungwe la WFP yopereka mapointi pa zakudya, imayang'ana masiku 7 a banja lonse, nyama ndi mkaka n'kuzipatsa mapointi 4, masamba 1. Pa chilala ngati cha 2024 ndi yothandiza podziwa nyumba zomwe zili pa njala. Za amene amadya chiwalo chachikulu cha nkhuku m'nyumbamo, siinena kanthu.

Kwa wophunzira wa ku UNZA wopanda thumba lalikulu, ine ndingasankhe DQQ, mndandanda wa mafunso oyezera ubwino wa kadyedwe. Mafunso ake ndi a inde kapena ayi pa magulu 29, amatha mu mphindi pafupifupi 5, ndipo amafunsanso za soseji, zokazinga ndi zakumwa zotsekemera. MDD-W mumaitulutsanso momwemo. Koma ngati funso lanu ndi kuchuluka kwa ayironi kapena vitamini A, DQQ siikufikitsani; bwererani ku mafunso a dzulo, mutanyamula makapu ndi masipuni oyezera, ndipo musaiwale kuti shuga wa kuno amathiridwa vitamini A kuyambira mu 1998.